Usanakwere Lole, Dina Phazi la Mwana

Mwana wanga Esinati,

Ndikulemba kukadali masana, ngakhale masana ake ndi a dzina lokha, chifukwa chiperoni chatsika kuyambira m'mawa ndipo mitengo ya bulugamu ya m'malire a esiteti sikuoneka n'komwe. Iwe uli kuseri ukumanga katundu, ndikumva mapoto akugundana. Udabwa kuti mayi ako akulembera kalata munthu amene ali naye nyumba imodzi. Pakamwa ndayesa, zakanika. Ndikangoyamba umaseka n'kunena kuti, "Amayi mwayambatu za kusikelo zija," ndipo bambo a Takondwa akakhala pakhomo sindingatambasule nkhani ngati iyi pamaso pa mkamwini. Pepala lilibe manyazi ndi mkamwini, komanso sungalidule mawu. Uwerenge lero lomwe, usasunge kuti ukawerengere m'njira.

Mawa lole ya eni fodya ikudzakutengani pa Masambanjati kupita nanu ku Kasungu kukakhala matenanti. Sindikuletsa. Amuna ako ndi munthu wolimbikira, ndipo kuno malo olima atha, tiyi anafika mpaka pamakomo. Nkhani yanga ndi imodzi yokha, ndiyo mwana wakoyu Takondwa. Dzulo potuluka m'tchalitchi azimayi ankalandizana mwanayu, wina kumutsina tsaya, wina kumunyamula m'mwamba. "Iii, koma wanenepatu! Chisiyireni bere ndiye wangosintha, eti?" Iwe unamwetulira mpaka mano onse panja. Mawu omwewo, ndi chimwemwe chomwecho, ndinawamvapo akunenedwa kwa mlongo wako Maliko. Ndikuopa, Esinati. Ndikuopa kuti Takondwa sananenepe, watupa.

Maliko ukumukumbukira pang'ono chabe, chifukwa nthawi imeneyo tinali titakutumiza kwathu ku Mphuka kuti odya achepe m'nyumba. Tinakuuza kuti anamwalira ndi malungo. Sanali malungo. Lero ndikuuza zonse kuchokera pachiyambi, ndipo usayese kuti ndikulapa. Kulira ndinalira kale kokwanira. Chimene ndinatsala nacho ndi mkwiyo, ndi maso amene amaona zimene ena saona.

Kwathu ku Mphuka tili ana tinkadya chilichonse choyenda. Mbewa, ngumbi, mlamba, nkhumba ikaphedwa pamudzi, zonse zinkalowa. Nditakwatiwa ndi malemu bambo ako ndinalowa mpingo wosunga Sabata, ndipo zonsezo ndinazisiya tsiku limodzi. Sindidandaula, ndipo mpaka lero sindizikhudza. Koma phunziro lija tinalimva theka. Tinamva zoti tichotse, zoti tiike china m'malo mwake sitinazimve. Anzathu a kufupi ndi mishoni anali ndi minda ya nandolo ndi mtedza, ena ndi ng'ombe ya mkaka. Ife a m'malayini, m'nyumba za antchito a esiteti, tinalibe ngakhale pobzala phata limodzi la dzungu. Ukatuluka pakhomo, kubiriwira kuchokera pamapazi ako mpaka kuphiri, koma palibe tsamba limodzi loti uthyole uphike. Ndipo tiyi yemweyo, amene tinkamuthyola tsiku lonse mpaka zala kuchita mikwingwirima, ife a Sabata sitimumwa. Ndiye tinachotsa mbewa, tinachotsa mlamba, m'mbale munatsala nsima ndi mchere, ife n'kumadzitama kuti tikudya zoyera. Mwana wanga, chimene wachotsa m'mbale chifukwa cha chikhulupiriro, uike china pamalo pomwepo tsiku lomwelo. Mulungu sanaletse nandolo.

Oyamba kundichenjeza anali maso anga, koma sindinawamve. Ndili ndi mimba ya Maliko, tsiku lina tinachedwa kuweruka kokayezetsa masamba. Dzuwa linali litangobisala kuseri kwa phiri, kunja kukadali koyera moti anzanga ankaonana nkhope n'kumaseka. Ine ndinangoona ngati wina wazimitsa nyali. Ndinaima pakati pa munda, dengu kumsana, ndikumva mapazi a anthu akundidutsa uku ndi uku, koma ngakhale dzanja langa osaliona. Mawu awo anapita mpaka anatha. Ukudziwa mmene munda wa tiyi umakhalira anthu akachokamo. Mulibe mbuzi, mulibe tambala, ndi masamba okhaokha akudontha madzi, ndipo umamva ngati mizere yonse ija yatembenuka ikukuyang'ana. Ndinaima momwemo osasuntha mpaka mnzanga wa mu layini yathu anabwerera kudzandifuna. Anandigwiritsa nsonga ya chitenje chake n'kundikoka mpaka kunyumba. M'mawa maso anali bwinobwino. Madzulo anazimanso, ndipo zinakhala choncho tsiku ndi tsiku.

Anthu a m'malayini sasowa yankho. Anati alipo wina amene amabwereka maso anga dzuwa likalowa kuti akayendere maulendo ake, n'kuwabweza m'bandakucha. Ndinakhulupirira. Ndinkadzuka m'mawa n'kumadzifunsa kuti kodi maso angawa aona zotani kumene anapita. Panali mayi wina wachikulire woyandikana nafe amene ndinasiya kumupatsa moni, wosalakwa. Kenako mango anapsa, ndinawadya ngati ndalodzedwa nawo, m'mawa, masana, ndi mapapaya omwe, ndipo maso anasiya kuzima. Tinati mfiti ija yatopa. Patapita nthawi ndi pamene namwino anandiuza kuti maso amafuna vitamini A, amene amapezeka mu zipatso zofiira mkati, maungu, ndi masamba obiriwira kwambiri monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso, makamaka ukatendera kapena kuthira timafuta. Mwana wa m'mimba ankatenga wochepa amene ndinali naye, ine n'kutsala mumdima. Iwe ukuyesa kuti sindinaone mmene ukumangira chitenje masiku ano? Uli ndi pakati, ndinaona kalekale. Tsiku limene kudzakudera anzako akuonabe, usadzafune mfiti, udzafune dzungu ndi chipatala. Ndipo a zaumoyo akabwera ndi timakapusozi todontheza m'kamwa mwa ana, usadzabise mwana m'nyumba.

Maliko anabadwa wamphamvu, wolira ngati belu la fakitale. Anayamba kuyenda, anayamba kuitana nkhuku. Kenako ndinaima mimba ya mng'ono wako iye akuyamwabe, ndipo amayi onse a mu layini anandiuza chimodzimodzi, kuti mkaka wa munthu woyembekezera ndi wowola, upha mwana. Ndinapaka tsabola kubere, nkhani inathera pomwepo. Linali dzinja lotsatira chisankho chija cha zipani zambiri, mvula ili pakati, tiyi akuphuka moti kapitawo sankafuna kumva za mwana wa munthu. Tinkalawira kusanayere, ana onse a mu layini n'kuwasiya ndi gogo mmodzi. Ndinkamusiyira Maliko phala la ufa woyera lothira mchere, lamadzimadzi kuti ameze bwino, ndi kachidutswa ka chinangwa. Mimba yake inkadzaza, ndiye ndinkati wadya. Iwenso wamuletsa bere Takondwa chifukwa cha mawu omwewo, ndipo phala limene ukumupatsa ndi lomwelo, ndaliona m'kapu. Mkaka suwola, Esinati. Linali bodza nthawi yanga, ndi bodza lero.

Ndiye anayamba kunenepa. Masaya anatuluka, mapazi anadzaza, kansapato kake kanakana kulowa. "Mayi a Esinati, mukumudyetsa chiyani mwanayu? Tiuzeniko nafe!" Ndinkamuonetsa ndi kunyada konse. Koma mwana wonenepayo anasiya kuseka. Anasiya kuitana nkhuku. Kenako anasiya ndi kulira komwe, n'kutsala kaphokoso kochepa ka pakhosi kosatha. Tsitsi lake lakuda lija linafiira, linawongoka, ukalipesa linkatsalira m'chipeso. Ndikaweruka ndinkamupeza atakhala pakhomo pomwe ndinamusiya m'mawa, osasuntha, akuyang'ana m'munda wa tiyi ngati akudikira munthu wochokera kumeneko. Ndikamuitana ankatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana ndi nkhope ya nkhalamba, nkhope ya munthu amene anandidziwa kalekale ndipo watopa nane. Ndinkachita naye mantha mwana wanga yemwe. Nthawi zina ndinkaima panja kaye kulimba mtima ndisanamunyamule.

Khungu la m'miyendo litayamba kuda ndi kusupuka, palibenso amene ananena za kunenepa. Anthu anayamba kunong'ona, ndipo agogo ako, amayi anga, anabwera kuchokera ku Mphuka. Anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi tsempho, kuti mmodzi mwa makolo wayenda njira yolakwika n'kudzakhudza mwana. Anaitanitsa bambo ako kuseri kwa nyumba. Monga mwa ulemu wa mpongozi anakhala atawafulatira, akuyankhulira kukhoma, mawu apansipansi, Chichewa n'kumasakaniza ndi Chilomwe.

"Mwanayu wasemphedwa. Mwana wangayu ali ndi pakati, sayenda. Ndiye watsala ndani?"

"Amayi, ine kwanga ndi ku fakitale, kunyumba, kutchalitchi, basi. Funsani aliyense."

"Mankhwala alipo, koma sagwira ngati mwini mlandu sanavomere. Mukafuna mwana, mudziwa chochita."

Bambo ako anakana tsiku limenelo, anakananso lotsatira. Mwana ankangotupirabe, maso anayamba kutsekeka. Tsiku lina masana, anthu a mu layini ali pamakomo, anaima pabwalo n'kunena mokweza kuti, "Ngati mankhwalawo akufuna kuti wina avomere, ndavomera ine. Mupatseni mwana wanga mankhwala." Anavomera tchimo limene sanachite, Esinati. Ine ndinkadziwa, chifukwa munthu wake ankachoka ku ovataimu atatheratu, n'kugona asanavule nsapato. Anapereka dzina lake kuti agule moyo wa mwana, ndipo kuyambira pamenepo sanaimenso kutsogolo m'tchalitchi ndi oimba anzake, ankakhala benchi ya kumbuyo mpaka imfa yake. Tinaviika mizu, tinamwetsa, tinasambitsa. Sabata tinkaimba nyimbo, Lamulungu tinkaviika mizu, ndiwo unali moyo wathu. Palibe chinasintha.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi ichi. Nthawi yonseyo pansi pa bedi lathu panali thadzi likuikira. M'mawa uliwonse linkatuluka likutetera, kudutsa pafupi ndi mapazi otupa a Maliko. Koma mwana sapatsidwa dzira, ankatero, adzayamba kugwa khunyu. Woyembekezera sadya dzira, adzabala mwana wadazi. Ndiye mazira ankakhala oti aswe anapiye, ena bambo ako n'kutengera ku ntchito, mwana akumwa madzi oyera otchedwa phala. Chimene chikanamuteteza asanatupe chinali m'nyumba momwemo, ife tili kalikiliki kufunafuna wachigololo. Idya mazira, iwe. Mwana wadazi amamera tsitsi, ndawaona ambiri, ena lero ndi makapitawo.

Atayamba kukana ndi phala lomwe, bambo ako anamubereka okha kumsana ngati mayi, tinapita ku chipatala cha mishoni. Anatilowetsa mu wodi ya ana otupa. Esinati, chimene ndinaona mmenemo sichinandichoke m'maso. Wodi yodzaza ana, koma chete ngati mulibe munthu. Bedi lililonse mwana watsitsi lofiira, masaya otupa, maso otopa. Anyamata, atsikana, a ku Thekerani, a m'maesiteti ena, a makolo a Sabata ndi a makolo odya nkhumba, onse nkhope imodzi. Onse anali Maliko. Nditalowa anatembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana, mmene ankachitira iye pakhomo paja. Tsiku lotsatira ndinatuluka kukachapa matewera, pobwera ndinapita pabedi, ndinanyamula mwana, ndinayamba kumusisita kumsana ndikumuimbira. Mayi wina anandigwira paphewa n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani amayi, ameneyo ndi wanga. Wanu ndi uyo." Ndinali nditanyamula mwana wamkazi wa eni ake. Wanga anali bedi linalo akundiyang'ana, osadandaula n'komwe.

Namwino wa mu wodi imeneyo anali mayi wamfupi, wa mpingo wathu womwewu, wosanyengerera. Anati, "Bweretsani chala chanu chachikulu." Anachigwira, anachidinikiza pamwamba pa phazi la Maliko, anachisunga pamenepo kanthawi. "Chotsani." Ndinachotsa. Pamene panali chala panatsala dzenje, ngati ndadina dothi lonyowa, ndipo silinabwerere.

"Mafuta sachita chonchi, mayi. Awa ndi madzi. Mwanayu ndi wowonda, madziwa angomubisa."

Ndinati, "Komatu amadya, anesi. Mimba imadzaza."

"Amadya chiyani? Phala loyera limangomupatsa mphamvu yopumira. Thupi la mwana likumangidwa tsiku lililonse, magazi, minofu, khungu, tsitsi, ndiye limafuna zomangira. Ndiwo mapuloteni timanena aja. Ali mu mkaka wa m'mawere, mazira, nyemba, nandolo, khobwe, mtedza, soya, usipa, matemba. Akasowa, ndipo mavitamini asowanso, thupi limayamba kudzidya lokha. Nanenso mbewa sindidya, mayi, koma nsinjiro anakuletsani ndani?"

Bambo ako anafunsa ndi mawu otsika ngati ndi zoona kuti mwana wasemphedwa. Namwino anawayang'ana n'kunena kuti, "Abambo, onani mabedi onsewa. Ndiye kuti Thyolo yense anachimwa mwezi umodzi? Mulibe mlandu inu." Bambo ako anatuluka panja, ndinawapeza atatsamira mtengo akulira. Koma mawu a namwino anathera mu wodi momwemo, ku malayini anthu anasunga zimene anamva pabwalo.

Anayesetsa, sindingawanamizire. Ankamupatsa mkaka wawo wapadera pang'onopang'ono ndi kapu, chifukwa mwana akafika potupa sungamuunjikire chakudya, thupi lake silingathe kuchilandira. Umve bwino pamenepa. Dzira ndi nsinjiro ndi zotchinga nkhope ija isanalowe m'nyumba. Ikalowa, mwana ndi wa kuchipatala, osati wa mphika wako. Madzi aja anayamba kuphwa, ndipo ndi pamene ndinaona mwana amene ndinali naye. Timikono ngati timitengo ta chinangwa, nthiti zonse poyera. Miyezi yonse ija ndinkabereka madzi n'kumanyada. Ana ena mu wodi ija anachira, ndinawaona akuyamba kulira mokweza, amayi awo akusekerera kulirako. Ife tinachedwa. Maliko anamwalira m'mawa wina kukugwa mvula yamawawa, ndipo atangotsirizika nkhope ya nkhalamba ija inachoka, inabwerera nkhope yake yeniyeni ya mwana. Zinali ngati chinthu chija chamaliza ntchito yake, chatuluka, chapita kukafuna nyumba ina.

Kuyambira pamenepo ndimaiona nkhope imeneyo. Imayenda m'malayini mvula ikafika pakati, ikalowa nyumba iyi chaka chino, chaka chamawa ili nyumba inayo. Chaka cha njala yaikulu chija inali paliponse. Ndimakumana nayo pamsika pa Masambanjati, ili kumsana kwa mayi amene akugulitsa mapeyala ndi nthochi zonse osasiyako ngakhale chimodzi cha mwana, ndipo imandiyang'ana ngati ikundizindikira. N'chifukwa chake ndimaimitsa anthu osawadziwa n'kupempha kugwira phazi la mwana wawo. Ndikudziwa amanditcha mayi wodina ana, ndikudziwanso kuti iwe umachita nazo manyazi. Achite kunditcha wamisala. Alipo ana angapo amene akupita kusukulu lero chifukwa cha chala changachi.

Tsopano za kumene ukupita. Ndafunsa kwa amene anabwerako. Tenanti amalandira phoso la chimanga ndi mchere, nthawi zina tinyemba, basi. Kumeneko kudzakhala ngati m'malayini muja, kubiriwira konsekonse koma tsamba lake losadyeka, poyamba tiyi, tsopano fodya. M'thumba la buluu ndakuikira nandolo, mtedza, soya wokazinga kale, ndi kalongonda, nyemba yakwathu ija, pang'ono kuti usaiwale kwanu, koma ameneyo ukudziwa mmene amafunira kuphikidwa, usampatse mwana. M'kachitini muli mbewu za maungu, bonongwe ndi khobwe. Ukangofika ubzale kuseri kwa nyumba, ngakhale pamalo pongokwana mphasa, usadikire chilolezo cha munthu. Chimanga uzigayitsa mgaiwa. Ufa woyera ndi wokoma m'maso, koma zabwino zake zimapita ndi madeya kwa nkhuku, n'chifukwa chake nkhuku zimanenepa eni ake akusupuka khungu. Phala la mwana likhale lolimba, losagwa msanga pa supuni, ndipo lisapite m'kamwa mwake lili loyera. Uthiremo nsinjiro, kapena ufa wa soya, kapena dzira, kapena usipa wosinja, ndi timasamba tofinya. Thadzi lamawangamawanga lija ndakupatsa, limange miyendo likwere nawe. Mazira ake oyamba ndi a Takondwa ndi iwe, bambo a Takondwa adikire. Ukawauza kuti anatero ndi apongozi awo, sadzayankha.

Mwana asamadye mbale imodzi ndi akuluakulu. Dzanja lake ndi laling'ono, pamene akutola kamodzi inu mwatola kanayi, ndiwo zatha, iye watsala ndi msuzi. Umupatse kambale kake, ukhale naye pansi mpaka amalize. Ndipo ukamamva anthu akuyamikira kuti wanenepa, usayambe wamwetulira. Uyang'ane kaye ngati akusewera, ngati akulira mokweza, ngati akukuvutitsa. Mwana wovuta ndi mwana wamoyo. Amene amandiopsa ine ndi wofatsa, wokhala pamene wamusiya.

Koma zonsezi ndi za mtsogolo, ndipo ndazilemba kuti dzanja lizolowere ndisanafike pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Takondwa wafatsa, Esinati. Mwezi wathawu ankathamangitsa anapiye mpaka kugwa. Masiku ano ukamukhazika pamphasa amakhala pomwepo. Tsitsi la pamphumi pake layamba kufiira, iwe ukuti ndi fumbi, koma fumbi la chiperoni linachokera kuti? Masana ano iwe utapita kumjigo ndinamupeza atakhala pakhomo, akuyang'ana m'nkhungu kumene kuli munda wa tiyi. Ndinamuitana. Anatembenuka pang'onopang'ono. Ndinakhala pansi, ndinatenga phazi lake, ndinadina, ndinachotsa chala. Dzenje linatsala. Ndinayesa phazi linalo, chimodzimodzi. Nditakweza maso, sanali Takondwa amene ankandiyang'ana. Inali nkhope ija, yotopa, yondidziwa, itakhala pakhomo panga ngati mlendo amene anangochokapo dzulo. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Wabweranso?" Kenako mkwiyo unandigwira, ndinaiuza kuti, "Uyu sumutenga."

Ndikudziwa chimene chikukumanga. Ukuopa kuti lole ikakusiyani malo apita kwa ena. Ukuopanso kuti ukangovomera kuti mwana watupa, anthu ayamba za tsempho, ayang'ana amuna ako, ayang'ana mimba yako n'kunena kuti watumbiza, waima mimba mwana akuyamwabe. Alekeni anene. Bambo a Takondwa akwere lole atsogole, akagwire malo, fodya akhoza kuyamba kufesa okha popanda iwe. Ndipo uwauze kuti asavomere kanthu kalikonse kwa wina aliyense, chifukwa m'banja muno munthu mmodzi anavomera kale, ndipo sizinapulumutse mwana. Iwe utsale. Kutupaku kukadali kumapazi, sikunafike kumaso, khungu silinasupuke. Masiku ano kuchipatala kuli mkaka uja, kulinso chiponde chopatsa ana otere, ndipo ndaona ndi maso anga ofika msanga akubwerako akuthamanga. Koma ukamukweza pa lole, mphepo ya pamsewu tsiku lonse, n'kukafika kumene chipatala chili kutali ndipo simudziwa munthu, udzandilembera kalata imene sindikufuna kuilandira. Ndinaika kale mwana mmodzi wa nkhope imeneyo. Wachiwiri sindingathe, ndikukuuza zoona, mtima wanga sungathe.

Usakhulupirire mawu anga, poti umati ndimakokomeza. Siya mapotowo. Takondwa ali pamphasa pakhomo, pamene wakhala kuyambira masana. Pita tsopano kukadali koyera, ugwade, utenge phazi lake, udine pamwamba ndi chala chako chachikulu, usunge kanthawi, uchotse. Pakabwerera, undiseke mmene ungathere, ndidzakuperekeza ku lole ndikuimba. Pakatsala dzenje, usandifunse kanthu, ungomubereka. Ndili pakhonde, ndatenga bulangete lake, ndipo nsapato ndavala kale.

Ndine mayi ako,
amene anakubala iwe ndi Maliko.